Gulu Lomwe Mukusunga Lasintha Lokha: Ndi Kusankha kwa Chilengedwe Kapena Ndi Mwayi Chabe?

Dandaulo ili silitha. Wophunzira wosunga ntchentche m'mabotolo ku labotale, munthu wosunga mbewu zake chaka ndi chaka, woweta ziweto, wosamalira nyama zomwe zatsala pang'ono kutha, onsewa amabwera ndi mawu amodzimodzi: "Gulu langa lasintha, chonsecho ine sindinasinthe kalikonse." Ndipo ambiri amafika ali nalo kale yankho m'thumba. Amati zamoyozo zazolowera malo, chilengedwe chasankha. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma magulu omwe anthu timasunga amakhala aang'ono, ndipo m'gulu laling'ono mwayi ndiwo umalamulira kwambiri. Mukalakwitsa kudziwa chomwe chayambitsa, mankhwala ake mulakwitsanso.

Tiyambe tamvana mawu. Jini ndi kachigawo ka DNA komwe mwana amatengera kwa makolo, ndipo jini imodzi imatha kukhala ndi mitundu ingapo, monga mtundu wopatsa maso ofiira ndi wina wopatsa maso oyera. Gulu limasintha pamene mtundu wina wachuluka kapena wachepa kuchoka m'badwo uno kupita wotsatira. Kusankha kwa chilengedwe, komwe Charles Darwin ndi Alfred Russel Wallace anafotokoza mu 1858, kumachitika pamene chamoyo chasiya ana ambiri chifukwa cha chibadwa chomwe chili nacho. Chinacho, cha mwayi chija, akatswiri amachitchula genetic drift, ndipo muno tizingoti drift. Apa chamoyo chimasiya ana ambiri kapena ochepa popanda chibadwa chake kuchitapo kanthu. Ikani mikanda yofiira 500 ndi yoyera 500 m'thumba, mutape 10 mutatsinzina. Si kawirikawiri kupeza 5 ndi 5. Mukadzaza thumba latsopano motsatira zomwe mwatapazo n'kutapanso, tsiku lina mudzapeza mikanda ya mtundu umodzi yokhayokha, popanda aliyense woikondera. Sewall Wright ndiye analongosola masamu a zimenezi mu 1931.

## Musanayang'ane zizindikiro: werengani zobereka

Anthu ambiri amalakwira pano. Amawerenga mitu yonse m'khola, pomwe drift imangowerengera zomwe zikusiyadi ana. Nambala imeneyi imalembedwa Ne, ndipo nthawi zambiri imachepa kwambiri poyerekeza ndi mitu yomwe mukuona.

- Chulukitsani 4 ndi zamphongo zobereka ndi zazikazi zobereka, kenako gawani ndi zonsezo pamodzi. Yamphongo 1 ndi zazikazi 30 zimapereka Ne ya pafupifupi 4. Zamphongo 5 ndi zazikazi 30 zomwezo zimapereka 17.
- Chaka choipa chimodzi chimalemera kuposa zaka zabwino zambiri. Gulu lomwe linali 1,000, n'kutsika kufika 10, n'kubwereranso 1,000, pa mibadwo itatuyo limachita ngati gulu la 29.
- M'badwo uliwonse gulu limataya gawo limodzi pa 2Ne la kusiyanasiyana kwa majini ake. Ne ikakhala 50, ndi 1 peresenti. Ikakhala 4, ndi 12.5 peresenti, ndipo pakatha mibadwo 5 pafupifupi theka lapita.

Pali muyeso winanso wofunika kuusunga pamtima. Kusankha kumagonjetsa drift pokhapokha phindu la chibadwacho likaposa pafupifupi 1 kugawa ndi 2Ne. M'gulu la Ne 10, chibadwa chopatsa ana ochuluka ndi 2 peresenti chimangokankhidwa uku ndi uku ngati kuti chilibe phindu lililonse.

## Chizindikiro 1: Chibadwa china chachepa kapena chazimiririka

Ili ndiye dandaulo lalikulu, ndipo tikhalapo nthawi.

1. Mwawerenga zochepa. Mukayeza zamoyo 20 pa gulu lomwe mitundu iwiri ili theka ndi theka, zotsatira zimatha kuphonya ndi 8 peresenti uku kapena uku, nthawi zina kuwirikiza pamenepo, gulu lisanasinthe n'komwe.

- Yesani: werenganinso zina zatsopano za m'badwo womwewo. Ngati mawerengedwe awiriwo asiyana ngati mmene "kusinthako" kunalili, palibe chomwe mwapeza.
- Konzani: werengani zosachepera 100 ngati zilipo, ndipo musamatenge zokhazo zosavuta kugwira.

2. Chibadwacho chabisala. Mitundu ina ya jini imaoneka pokhapokha mwana atailandira kwa bambo ndi mayi omwe. Ikachepa m'gulu imakhala ilipo koma yosaoneka.

- Yesani: kweretsani zingapo ndi chomwe chikuonetsa chibadwacho poyera. Chikatuluka mwa ana ena, ndiye kuti sichinachoke.

3. Drift. Ngati Ne yanu ili pansi pa 50, yambani mwaikayikira iyi musanaganize zina. Mu 1956 Peter Buri anasindikiza zomwe anachita ndi ntchentche za Drosophila melanogaster. Anali ndi magulu 107, lililonse la zamphongo 8 ndi zazikazi 8 zotengedwa mosasankha m'badwo uliwonse, ndipo onse anayamba ndi mitundu iwiri ya jini ya maonekedwe a maso, theka ndi theka. Pofika m'badwo wa 19, magulu 30 anali atatayiratu mtundu umodzi, ndipo magulu 28 anali atatayiratu mtundu winawo. Taganizani mutapatsidwa botolo limodzi lokha mwa 107 amenewo. Mukanaona mtundu umodzi ukukwera mpaka kudzaza botolo, mukanalemba nkhani yogwira mtima yofotokoza chifukwa chake maso otere amathandiza, ndipo mnzanu wa botolo lina akanalemba nkhani yogwira mtima yotsutsana ndi yanu. Nonse awiri mukanakhala mukunama mosadziwa.

- Yesani: jambulani kuchuluka kwa chibadwacho m'badwo ndi m'badwo. Drift imayenda ngati woledzera, kukwera, kutsika, kukweranso. M'gulu la zobereka 10, kudumpha kwa 11 peresenti pa m'badwo umodzi n'kwachizolowezi. M'gulu la 1,000 kumakhala pafupifupi 1 peresenti.
- Yesaninso: funsani ngati panali nthawi yomwe gulu linatsala lochepa, kapena ngati linayambitsidwa ndi makolo owerengeka.
- Konzani: chulukitsani zobereka, makamaka zamphongo, ndipo banja lililonse lipereke ana ofanana chiwerengero ku m'badwo wotsatira. Njira yachiwiriyi ndi yotsika mtengo ndipo imatha kukweza Ne pafupifupi kawiri.
- Dziwani: chomwe chatayikiratu sichibwerera chokha. Muyenera kuchitenga ku gulu lina kapena ku zomwe munasunga kale.

4. Mukusankha ndinu, mosadziwa. Wosamutsa ntchentche tsiku lomwelomwelo nthawi zonse amakondera zokhwima msanga. Wokolola mbewu kamodzi amasiya zochedwa kucha ndi zomwe zinayoyoka kale. Wogwira chiweto chofatsa chifukwa n'chosavuta, akuweta kufatsa.

- Yesani: lembani ndondomeko yanu yonse, ndipo pa chilichonse dzifunseni kuti chomwe chimatsalira m'mbuyo n'chotani.
- Konzani: gwiritsani ntchito maere posankha makolo.

5. Chibadwacho chakwera nawo ulendo wa china. Majini oyandikana pa chromosome, ulusi wa DNA womwe majini amandandalikapo, amayendera limodzi. Mukasankha imodzi, yoyandikana nayo imakwera kapena kutsika popanda mlandu wake. John Maynard Smith ndi John Haigh analemba za izi mu 1974.

6. Kusankha kwenikweni kwa chilengedwe. Kumadziwika ndi zinthu zitatu: kumalowera mbali imodzi, kumabwerezeka m'magulu osiyana, ndipo mungaloze chomwe chikupha kapena kulepheretsa kubereka. Pa chilumba cha Daphne Major ku Galápagos, chilala cha 1977 chinapha pafupifupi 85 peresenti ya mbalame za Geospiza fortis. Peter ndi Rosemary Grant ndi anzawo anali atayeza milomo ya mbalamezo chilala chisanafike, choncho anaona kuti zopulumuka zinali za milomo yokulirapo, yotha kuswa njere zolimba zomwe zinatsala, ndipo ana awo anatengera. Gulugufe wausiku wa Biston betularia nayenso: wakuda anapezeka ku Manchester mu 1848, pofika 1895 akuda, omwe mbalame sizinkawaona bwino pa mitengo yodetsedwa ndi utsi wa mafakitale, anali pafupifupi 98 peresenti kumeneko, ndipo anachepanso utsi utachepa pambuyo pa lamulo la mpweya wabwino la 1956 ku Britain. Zinapita ndi utsi, zinabwerera ndi utsi, m'mizinda yambiri.

- Yesani: gawani gulu m'magulu osachepera 5 osamalidwa mofanana. Onse akalowera mbali imodzi, ndi kusankha. Akamwazikana, ndi drift. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo botolo limodzi silitsimikiza kanthu.

## Chizindikiro 2: Magulu omwe anayamba ofanana asiyana

1. Drift. Kusiyanitsa magulu ndiyo ntchito yake yeniyeni. Ngati kusiyanako kukukula pang'onopang'ono koma mukawaphatikiza onse avereji ili pomwe inayambira, palibe chalakwika.
2. Malo sakufanana monga mukuganizira. Shelefu yapamwamba imatentha kuposa yapansi, munda wina uli ndi chinyezi chambiri. Sinthanitsani malo. Kusiyana kukatha pa m'badwo umodzi kapena iwiri, sikunali kwa majini.
3. Kusakanizika. Lebulo yolembedwa molakwika, mungu wochokera kwa mnansi, yamphongo yodumpha mpanda. Chibadwa chomwe munalibiretu chikatulukira mwa ambiri nthawi imodzi, kayikirani izi poyamba.
4. Kusintha kwatsopano mu DNA. N'kosowa, koma kumachitika. Richard Lenski anayambitsa magulu 12 a mabakiteriya a E. coli mu 1988. Onse 12 anayamba kukula msanga pa chakudya chawo, komwe n'kusankha kobwerezeka. Koma gulu limodzi lokha ndilo linayamba kudya citrate, chinthu china chomwe chinali m'chakudyacho, muli mpweya wa okosijeni, patatha mibadwo pafupifupi 31,000. Lenski ndi anzake anatha kutsimikiza kuti sikunali kusakanizika, komanso kufufuza komwe zinayambira, chifukwa ankaumitsa mabakiteriya ena mufiriji pa mibadwo 500 iliyonse. Tengerani chitsanzo: sungani mbewu, umuna, mazira kapena DNA ya mibadwo yakale ngati mtundu wanu ukulola.

## Chizindikiro 3: Mankhwala omwe ankapha tizilombo, udzu kapena mabakiteriya aleka kugwira

Apa zinthu zimatembenuka. Tizilombo timakhala mamiliyoni ndipo mankhwala amasankha mwankhanza, choncho drift ilibe mphamvu. Komabe musathamangire.

1. Kagwiritsidwe kolakwika. Mankhwala otha nthawi, osungidwa padzuwa, osungunulidwa mopitirira, chopopera chotsekeka, mlingo wosagwirizana ndi kulemera kwa chiweto.

- Yesani: onani deti ndi malangizo, yezani chipangizo, ndipo yesani paketi ina yatsopano pa kagawo kakang'ono.

2. Mdani ndi wina. Mwina ndi kachilombo kena kofanana maonekedwe, kapena tatsopano tomwe tabwera kuchokera kunja mankhwala atatha mphamvu.

3. Gulu lasankhidwa kukhala losamva mankhwala. Anthu amakonda kunena kuti tizilombo taphunzira. Ayi, palibe kamene kanaphunzira. Salvador Luria ndi Max Delbrück anasonyeza mu 1943 kuti kusintha kopulumutsa mabakiteriya kumakhala kutachitika kale mwangozi, mdani asanafike. Mankhwala amangochotsa ena onse n'kusiyira malo opulumukawo. Zachitika mobwerezabwereza: makoswe osamva poizoni wa warfarin ku Scotland mu 1958, mabakiteriya a Staphylococcus aureus osamva methicillin ku Britain mu 1961, udzu wa Lolium rigidum wosamva glyphosate ku Australia mu 1996. Alexander Fleming anachenjezeratu mu 1945, polandira mphoto ya Nobel, za kuopsa kwa mlingo wochepa wa penicillin.

- Yesani: kodi mwagwiritsa ntchito mankhwala a gulu limodzi kwa mibadwo yambiri ya tizilomboto? Kodi opulumuka ali bwinobwino pakati pa anzawo akufa? Kodi vutolo likukula chaka ndi chaka?
- Konzani: sinthani kupita ku mankhwala opha m'njira ina. Dzina lina pa botolo sikuti ndi njira ina, yang'anani gulu la mankhwalawo pa lebulo. Phatikizani ndi njira zosadalira mankhwala monga ukhondo, kuzula, misampha ndi kasinthasintha wa mbewu.
- Musadalire kuti mukapumitsa mankhwala zinthu zibwerera mwakale. Zimatheka pokhapokha kusamvako kuli ndi mtengo wake, monga makoswe ena osamva warfarin omwe amafuna vitamini K wochuluka. Kupanda apo jiniyo imangokhala.

Imani apa ngati nkhani ndi ya mankhwala a munthu kapena a chiweto chodwala. Musawonjezere mlingo, musasakanize, musasinthe nokha. Pitani kwa dokotala kapena dokotala wa ziweto, ndipo mufunse ngati kachilomboko kangayezedwe ku labotale.

## Chizindikiro 4: Ana akubadwa ofooka, mazira sakuswa, mbewu zikumera zochepa

1. Chakudya, matenda kapena kasungidwe. Izi ndizo zofala kuposa china chilichonse, ndipo zimabwera mwadzidzidzi. Vuto la majini limabwera mokwawa.

- Yesani: bweretsani zochepa zochokera kwina, zosakhala pachibale, muzisamalire mofanana. Zikavutikanso, vuto lili pamalopo.

2. Kuberekana pachibale. Ndi mapasa ake a drift, chifukwa m'gulu laling'ono onse amadzakhala abale ngakhale mutasamala bwanji. Chamoyo chilichonse chimanyamula mitundu ingapo yoipa ya majini yomwe yabisala. Makolo akakhala abale, mwayi woti mwana alandire woipa womwewo mbali zonse ziwiri umakwera. Muyeso wake ndi 25 peresenti kwa ana a mchimwene ndi mlongo wake, 12.5 peresenti ngati makolowo agawana kholo limodzi lokha, 6.25 peresenti kwa ana a asuweni.

- Yesani: kweretsani ndi gulu lakunja. Ana akakhala amphamvu moonekeratu kuposa a m'gulu lanu, mwapeza.
- Konzani: lowetsani magazi atsopano pang'onopang'ono, sinthani zamphongo, lembani makolo a chilichonse.

Chitsanzo chodziwika ndi mphaka wamkulu wakutchire wotchedwa Florida panther. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anatsala pakati pa 20 ndi 30, ambiri a michira yopindika, mitima yobooka ndi umuna wofooka. Mu 1995 anabweretsako zazikazi 8 zochokera ku Texas, ndipo zilemazo zinachepa, chiwerengero chinakwera. Mimbulu ya pa chilumba cha Isle Royale ku America inachedwa kuthandizidwa: pofika 2016 inatsala iwiri yokha, yapachibale kwambiri, mpaka anachita kubweretsa ina kuyambira 2018.

Ndikutsineni khutu pa chinthu chimodzi. Kuchuluka kwa mitu sikubweza majini. Nyama za m'nyanja zotchedwa northern elephant seal zinasakidwa mpaka kutsala zochepa kwambiri m'zaka za m'ma 1890. Lero zapitirira 100,000, koma kafukufuku wa 1974 sanapeze kusiyana kulikonse pa malo 24 a majini omwe anayezedwa. Khola lodzaza likhoza kukhala losauka.

3. Yamphongo imodzi yotchuka. Mukaigwiritsa ntchito paliponse chifukwa cha kukongola kwake, choipa chomwe yabisa chimafalikira mwakachetechete, n'kudzaonekera mwa zidzukulu zikakwerana. Tsatirani makolo a odwala onse, muone ngati akukumana pa kholo limodzi.

Nanga gulu lizikhala lalikulu bwanji? Mu 1980 Ian Franklin ndi Michael Soulé anapereka manambala omwe afala kwambiri: Ne ya 50 popewa mavuto a pachibale m'nthawi yochepa, ndi 500 posunga kusiyanasiyana kwa nthawi yaitali. Mu 2014 Richard Frankham ndi anzake anati akwezedwe kufika 100 ndi 1,000. Ine ndimawatenga ngati belu lochenjeza basi, chifukwa mitundu ya zamoyo imapirira mosiyana.

## Chizindikiro 5: Mukuchotsa zonse zachilema koma chilemacho chikubwererabe

1. Chabisala mwa onyamula. Mtundu wobisala ukakhala 10 peresenti ya majini a gulu, odwala amakhala 1 pa 100 koma onyamula osadwala amakhala 18 pa 100. Mukamachotsa odwala onse m'badwo uliwonse, pamafunika mibadwo 10 kuti muutsitse kufika 5 peresenti. Kuchoka pa 1 peresenti kufika theka lake pamafunika mibadwo 100. Kusankha sikugwira chomwe sikukuona.

- Konzani: pezani onyamula poyeza DNA kapena poona ana awo. Musawachotse onse nthawi imodzi m'gulu laling'ono, chifukwa mutsitsa Ne n'kuputa mavuto ena. Kweretsani wonyamula ndi wosanyamula, kenako sankhani mwa ana.

2. Sichochokera ku majini. Kusowa michere, poizoni, kutentha pa nthawi ya bere kapena ya mazira. Onani ngati chikutsatira nyengo kapena khola m'malo motsatira banja.

3. Wonyamula amapindula. Mwa anthu, wonyamula jini imodzi ya sickle cell amatetezeka ku malungo oopsa, monga Anthony Allison anasonyezera mu 1954, n'chifukwa chake jiniyo sichoka komwe malungo ali ofala. Pa ziweto zimachitika pamene maonekedwe omwe woweta akufuna ndi a wonyamulayo. Pamenepo mukulisunga ndinu vutolo.

Kuchuluka kwa chilema sikutanthauza kuti chili ndi phindu lobisika. Pa chilumba cha Pingelap ku Micronesia, namondwe wa cha m'ma 1775 anasiya anthu pafupifupi 20, ndipo lero vuto losaona mitundu ya zinthu, losowa kwambiri kwina konse, ndi lofala kumeneko. Mmodzi mwa opulumukawo anali wonyamula, basi.

## Chizindikiro 6: Mukusankha makolo abwino koma ana sakusintha

Masamu a oweta amati: phindu mwa ana ndi kusiyana kwa makolo osankhidwa ndi avereji ya gulu, kuchulukitsa ndi gawo la kusiyanako lomwe limatengeredwa. Mukasankha makolo olemera makilogalamu 5 kuposa avereji, gawolo n'kukhala 0.2, yembekezerani kilogalamu 1 yokha.

1. Mwasankha zodya bwino. Yerekezani za msinkhu umodzi, zoleredwa pamodzi.
2. Phindu lilipo koma laphimbika. Chaka choipa chimabisa kilogalamu imodzi ija. Sungani kagulu kosasankhidwa koyerekezera.
3. Mwasankha makolo ochepa kwambiri. Drift yataya mitundu yabwino, ndipo kufooka kwa pachibale kukudya phindu lanu. J. B. S. Haldane anawerengera mu 1927 kuti ngakhale m'gulu lalikulu, kusintha kwatsopano kopatsa phindu la 1 peresenti kuli ndi mwayi wa 2 peresenti wokha wodzafalikira gulu lonse. Zabwino zambiri zimatayika zikadali zochepa.
4. Chilengedwe chikukoka mbali ina. Zazikulu kwambiri zikuvutika kubereka kapena zikufa msanga. Siyani kusankha kwa mibadwo ingapo. Gulu likabwerera m'mbuyo lokha, ndi chimenechi.
5. Kusiyanasiyana kwatha. Ndachiika kumapeto dala, chifukwa anthu amachinena msanga. Ku Illinois anayamba kusankha chimanga cha mafuta ambiri mu 1896, chili ndi mafuta ochepera 5 peresenti, ndipo patatha mibadwo 100 chinali chitafika cha m'ma 20 peresenti.

## Chizindikiro 7: Zikuchita bwino m'manja mwanu koma zikulephera kunja

Kawirikawiri ndi kusazolowera chabe: sizinaphunzire kusaka kapena kuthawa adani. Chachiwiri ndi kusankhidwa ndi khola lenilenilo, ndipo kumathamanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa nsomba za steelhead za mu mtsinje wa Hood ku Oregon, kafukufuku wa 2007 anapeza kuti kubereka kwake kutchire kunkatsika ndi pafupifupi 40 peresenti pa m'badwo uliwonse woleredwa m'madziwe a anthu. Chepetsani mibadwo ya m'khola, fananitsani ana a banja lililonse, ndipo musabwezere chilichonse kutchire popanda chilolezo.

## Chizindikiro 8: Manambala sakugwirizana ndi Hardy–Weinberg

Ichi n'cha ophunzira. Lamulo la 1908 la G. H. Hardy ndi Wilhelm Weinberg limanena mmene mitundu iwiri ya jini iyenera kugawikira m'gulu ngati zamoyo zikukwerana mosasankha. Mukapeza kuti zonyamula mitundu yonse iwiri zachepa, yang'anani motere:

1. Kulakwitsa poyeza kapena polemba. Bwerezani zina.
2. Mwaphatikiza magulu awiri osiyana n'kuwawerenga ngati limodzi. Sten Wahlund anafotokoza izi mu 1928. Werengani lililonse palokha.
3. Kuberekana pachibale kapena zomera zodzipatsa mungu. Izi zimakhudza majini onse nthawi imodzi.
4. Kusankha. Kumakhudza jini imodzi kapena zochepa, ndipo kuyenera kukhala kwamphamvu kuti kuoneke ndi muyeso umenewu. Manambala kugwirizana ndi lamuloli sikutsimikiza kuti kusankha kulibe.

## Nthawi yosiya n'kuitana katswiri

- Zamoyo zikufa zambiri m'masiku ochepa. Imeneyo si drift kapena kusankha, ndi matenda kapena poizoni. Patulani zodwala, itanani dokotala wa ziweto kapena mlangizi wa zaulimi tsiku lomwelo.
- Mukukayikira kuti kachilombo ka munthu kapena chiweto sikakumva mankhwala.
- Mu labotale mwamera chomwe simukuchidziwa. Musatsegule, musanunkhize, uzani woyang'anira chitetezo.
- Gulu lanu ndi la mtundu wosowa kapena wotetezedwa ndi lamulo, kapena mukufuna kusakaniza magulu ochokera kumadera osiyana kwambiri. Kusakaniza kotere nthawi zina kumafooketsa zidzukulu, ndipo sikubwezeka.
- Ne yanu ili pansi pa 20 ndipo mulibe kwina kotenga magazi atsopano.
- Nkhani ndi ya matenda otengera m'banja la anthu. Manambala a muno ndi a magulu, sanganene za mwana wanu. Kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa zamajini.

Popita kwa katswiriyo tengani izi: chiwerengero cha zamphongo ndi zazikazi zomwe zinaberekadi m'badwo uliwonse, chaka chomwe gulu linachepa kwambiri ndi nambala yake, komwe makolo oyamba anachokera ndi kuchuluka kwawo, mayina ndi milingo ya mankhwala onse pamodzi ndi madeti, ndiponso mbewu, zithunzi kapena chilichonse chomwe munasunga cha mibadwo yakale. Chiweto chakufa musachikwirire kapena kuchiumitsa musanamufunse ngati akufuna kuchiyeza.